Eni Zala

Malo athu m'shedi ya nsawa anali pafupi ndi khomo, pamene mphepo ya mwezi wa Juni imalowera. Sanali malo abwino. Fumbi la makoko linkathera pamenepo, ndipo aliyense wotuluka kukataya madzi ankakudumpha miyendo. Koma anali athu. Ndikati athu sindikutanthauza kuti kampani inatilembera. Kampani inkadziwa dzina limodzi lokha, la ambuya, amayi a amayi anga, amene anandilera makolo anga atamwalira. Dzinalo kapitawo ankaliitana m'mawa uliwonse, ndipo wa pakhomo pathu amene wabwera tsiku limenelo ankayankha kuti, "Tilipo."

Umo ndi mmene zinkayendera kwa aliyense. Nsawa zikakololedwa, kampani inkagula kwa alimi a ku Mwase ndi ku Chikomeni n'kuzisenda pa makina. Kenako amayi ankakhala pa matenti oyala pansi kusankha ndi manja: zofota uku, zosweka uko, zachuku kutali. Inali ntchito ya miyezi yozizira yokha, koma ndiyo inkabweretsa feteleza ndi mayunifomu a ana. Malo sanali a munthu, anali a khomo. Mwini dzina akadwala, ankabwera mng'ono wake. Kukagwa maliro kwa apongozi, ankabwera mwana wake wamkazi. Wina akachira kuchipatala, malo ake sankazizira. Kapitawo ankadziwa, abwana akale ankadziwa, ndipo masaka ankadzaza.

Pamene ine ndinkamaliza sekondale, ambuya anali atasiya kale kukhala pa tenti. M'maso munali mutayamba chifunga ndipo mawondo ankakana. Amene ankapita anali amayi aang'ono, mng'ono wa amayi anga, amene mwamuna wawo anapita ku migodi osabwerako. Madzulo ambuya ankafunsa kuti, "Lelo ndasankha bwanji?" Amayi aang'ono ankayankha osaseka: "Mwasankha bwino, amama, saka yanu sinabwezedwe."

Ambuya sanali munthu wofatsa. Ankakoka fodya wa m'mphuno, ankatukwana nkhuku pozitchula mayina a anthu amene anayambana nawo, ndipo sindikumbuka atapepesapo munthu. Ine ankanditcha mkazi mnzawo, monga amachitira agogo ndi adzukulu, ngakhale mwamuna amene tinkati tikulimbirana anamwalira ndisanabadwe. Ndinakula chete pafupi nawo. M'nyumba imene muli pakamwa potero, mwana wamasiye amaphunzira kuyang'ana.

Nditamaliza dipuloma ku Chipata, kampani yomweyo inandilemba mu ofesi yake ya antchito, pa boma la Lundazi. Zenera langa linkayang'ana ku geti ndi ku khomo la shedi, moti ndikakweza mutu ndinkaona msana wa amayi aang'ono utawerama pa tenti. Patapita zaka ndinalembetsa digiri yachiwiri, ija amati masitazi, ya kasamalidwe ka anthu pa ntchito. Maphunziro ambiri anali a pa kompyuta Loweruka, magetsi akalola, ndipo nthawi zina tinkaitanidwa ku Lusaka kukakhala m'kalasi kwa masabata angapo. Sindinganame kuti ndinkafuna kupulumutsa anthu. Ndinkafuna kuti ndikamalankhula pa msonkhano, anthu asamayang'ane mafoni awo.

Phunziro lina linali la mmene ntchito ikusinthira masiku ano. Ankaphunzitsa ndi bambo wina amene anakhalako ku Ulaya, ndipo sankalola kuti tiiwale zimenezo. Tsiku lina anatiuza kuti kumeneko anthu awiri amatha kugawana ntchito imodzi, wina masiku oyambirira a sabata, wina omalizira, kuti mayi woyamwitsa kapena wosamalira kholo lodwala asataye ntchito. Anati limenelo ndiye tsogolo, ndipo ife kuno tikadali kutali nalo.

Ine amene ndinkakhala kumbuyo osatsegula pakamwa ndinakweza dzanja, n'kufotokoza za shedi yathu: za dzina limodzi ndi manja ambiri, za maliro, za kapitawo amene amangomva kuti "tilipo" n'kupitirira.

Bambo wina wonenepa, wa ku kampani ya migodi, sanadikire kuti ndimalize. Anasiya Chingelezi n'kulankhula Chinyanja cha m'tauni kuti nthabwala ikome. "Ah, sisi, ao ni magositi! Kwathu tikapeza wina asebenza pa dzina ya mnzake, tiitana polisi. Imwe muwapatsa na tii?"

Kalasi yonse inaseka. Mphunzitsi nayenso anamwetulira, kenako anati, mokoma mtima ndithu, "Kusiyana kwake n'kwakuti ku Ulaya zinalembedwa. Zanuzo n'zongochitika."

Mawu amenewo ndinakwera nawo basi mpaka ku Chipata, n'kusintha nawo minibasi mpaka ku Lundazi.

Chaka chotsatira, nsawa zisanalowe, tinalandira abwana atsopano, mnyamata wa ku Lusaka wa nsapato zosongoka amene banja lake analisiya ku Chipata. Anabwera ndi kabokosi kakuda n'kukakhomera pa khoma la shedi. Kanali ndi kagalasi koikapo chala. Kakakuzindikira kankalankhula m'mawu a mzungu wamkazi kukuthokoza, kakapanda kukuzindikira kankati uyesenso. Amayi a m'shedi sanachedwe kukapatsa dzina: a Thenkyu.

"Madamu, ni simpo," anandiuza abwanawo. "Dzina imodzi, chala chimodzi. Nidziwa kuti pali ena asebenza pa maina ya anzao. Sabata yamawa ni mwai wao. Mwini dzina abwele, avomele, tisinthe, sitifunsa mafunso. Sabata ikasila, chitseko chatsekeka. Watsopano aliyense azafunika setifiketi ya Giledi Naini, na kulembetsa pa foni."

Amayi aang'ono anasiyira sukulu ku pulayimale. Ndinaona msanga kuti sabata imeneyo ndiyo inali khomo lawo lokhalo, ndipo Lamulungu ndinapita kumudzi.

Ndinapeza ambuya pakhonde akupera fodya pa mwala. Amayi aang'ono ankachapa chapafupi. Ndinagwada, tinapatsana moni, kenako ndinayamba.

"Ambuya, ku shedi kwabwela makina. Afuna chala cha munthu amene amakhala pa tenti. Ndiye ndati mawa tipite tonse, mukavomele, amai aang'ono akaike chao, dzina lisinthe."

Mwala unaima.

"Lisinthe? Ndafa kodi?"

"Simunafe, ambuya."

"Nanga dzina la munthu wamoyo amalilowa? Mwakumba kale manda, iwe ndi uyu? Ndiuzeni kumene ali ndikagonemo ndekha, musavutike kunyamula."

"Amama, mwanayu akunena za ku ofesi chabe," anatero amayi aang'ono, manja ali m'beseni.

"Khala chete iwe! Ufuna kutsata mkulu wako?"

Ndinkadziwa kuti amayi anga anasankhako nsawa pa malo a pakhomo paja, koma sindinkadziwa kuti dzina linasinthidwapo. Ambuya ananena okha, maso ali pa mwala. Chaka chimene ine ndinayamba kuyenda, bambo anga atayamba kudwaladwala, ambuya anapita kwa kapitawo n'kumuuza kuti afafanize dzina lawo alembe la mwana wawo woyamba, kuti malo akhale akeake. Mvula ya chaka chimenecho inaika bambo. Nsawa zotsatira zisanakhwime, amayi anawatsatira. Ambuya anabwerera kwa kapitawo kukatenga dzina lawo.

"Ndinapatsa mmodzi," anatero. "Ndinamupatsa ndili moyo, ndikuseka, anthu akundiuza kuti sizichitika. Ali kuti? Manje ufuna ndipatse wachiwili. Ndatsala ndi angati?"

Matenda amene anatenga makolo anga ali ndi dzina, ndipo anatenga anthu ambiri a msinkhu wawo amene sanapatsidwe malo a munthu aliyense. Ambuya ankalidziwa dzinalo. Ndi iwo amene ankayenda ku chipatala cha pa boma ndi amayi anga. Koma munthu atha kudziwa dzina la matenda n'kumaopabe china.

Ndinafotokoza za sabata imodzi ija, za setifiketi, za foni. Ndinafotokoza mofatsa, kenako mokweza, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo pakhomo pamenepo. Ambuya anangokoka fodya n'kuyetsemulira kumbali. Pondiperekeza, amayi aang'ono anakankha njinga yanga mpaka pa msewu.

"Mwana wanga, usavutike," anatero. "Ine sindingaike chala amama akukana. Mawa ndikangodwala chimfine, adzafa ndi mantha. Ndiye anthu adzati ndawapha ndine chifukwa cha nsawa."

Tsiku lolembetsa zala, ambuya anabwera atavala chitenje cha ku tchalitchi ndi chitambala choyera. Sanali okha. Makomo ena anasintha mayina, koma ambiri anatumiza mwini dzina, wamkulu wa pakhomo. Ena chinali ulemu, ena mantha ngati athu, ena apongozi osakhulupirira mtengwa. Mzere unali wa imvi. Ine ndinaima pafupi ndi kabokosi kuwagwira dzanja mmodzimmodzi.

Chala chachikulu cha ambuya, a Thenkyu anachikana. Khasu ndi makoko zinali zitafafaniza mizere yonse, chinali chosalala ngati mwala wa mumtsinje. Tinayesa cholozera, chinakanidwa. Tinayesa dzanja lonse lamanja. Ambuya anachipaka malovu, anachipukuta pa mphuno, anachitukwana. Pomaliza kabokosi kanavomera chala choyandikana ndi kaching'ono ku dzanja lamanzere.

"Onani," anatero ambuya potembenukira ku mzere, chalacho chili m'mwamba. "Zala zonse zogwila nchito zakanidwa. Chaulesi ndicho chalembedwa!"

Mzere wonse unafa nako kuseka. Kabokosi kanawathokoza.

"Wamva, mkazi mnzanga? Mzungu wandithokoza. Iwe ndinakulela mpaka mabele anamela, sunandithokozepo."

Kuyambira pamenepo chala chinkafunika kawiri pa tsiku, polowa ndi potuluka. M'mawa uliwonse amayi aang'ono ankakweza ambuya pa kaliyala ya njinga, atawafunditsa bulangete, n'kupalasa kuchokera kumudzi mpaka pa boma. Ambuya ankaika chala, amayi aang'ono n'kulowa m'shedi. Kubwerera kumudzi kunali kutali, choncho ambuya ankakhala pansi pa mtengo wa mango kunja kwa geti mpaka dzuwa litapendeka. Makomo ena anachitanso chimodzimodzi. Pasanathe masabata awiri pansi pa mango paja panali patadzaza nkhalamba, iliyonse ndi kamphasa kake ndi mbatata yowotcha m'kansalu.

Mlonda wa pa geti, Mtumbuka wa pakamwa posapuma, ankawalonjera m'mawa uliwonse atavula chipewa.

"Monile, madailekitala! Mwawuka uli? Miting'i iyamba nthawi yanji lelo?"

"Tawuka makola, iwe galu wa pa geti," ankayankha ambuya. "Tikambilana zokuchotsa nchito. Bwela utipatse moto."

Iye ndiye anayamba kuwatcha eni zala, ndipo dzinalo linamera.

Kukazizira kwambiri, a Thenkyu ankakana zala zouma. Nkhalamba zinkaima pa mzere manja ali m'khwapa kuti atenthe, ena akupumira chala ngati akukoleza moto. Mzere ukachedwa, makina ankalemba kuti achedwa onse. Ine ndinkaona zonsezi pa zenera, uku ndikulemba ntchito ya kusukulu yonena za anthu amene masiku ano amagwirira ntchito kulikonse kumene akonda, m'nyumba zawo kapena m'malo omwera khofi. Lachinayi masana abwana ankasuzumira pa chitseko changa makiyi a galimoto ali m'manja. "Madamu, mailo Lachisanu nizasebenzela ku nyumba. Mukanifuna, nitumileni." Iwo chala chawo sichinkafunika.

Ambuya anayamba kutsokomola. Ndinawagulira juzi, iwo n'kuipereka kwa mnzawo wina amene ankati akuzizidwa kuposa iwo, kenako n'kumandidandaulira kuti sindiwagulira kanthu.

Tsiku lina ndikuwerenga kabuku kobwera ndi makina aja, ndinapeza kuti kabokosiko kakhoza kusunga zala za anthu awiri kapena atatu pa malo amodzi. Sikanali kabokosi kamene kankakana. Ndinakumbukira mawu a mphunzitsi uja, akuti kusiyana n'kwakuti ku Ulaya zinalembedwa. Ndinati chabwino, ndizilemba. Ndinakhala masiku awiri a Loweruka ndikulemba m'Chingelezi chosalala, ndi mawu onse a m'mabuku athu. Ndinasonyeza kuti khomo likagawana malo, tenti sikhala yopanda munthu, ndiponso kuti palibe amene amajomba chifukwa cha maliro. Sindinatchule ambuya. Ndinapita nazo kwa abwana.

Anawerenga tsamba loyamba, n'kungotembenuza masamba enawo ndi chala.

"Madamu, sukulu yakungenani," anatero akumwetulira. "Koma ogula akunja afuna kudziwa kuti ni ndani anagwila nsawa izi."

"Adzadziwa, bwana. Onse awili adzalembedwa, aliyense ndi chala chake."

"Wina akazicita ngozi?"

"Wolembedwa ndi wolembedwa. Panopa ndiye pali vuto, chifukwa amene ali m'shedi sitikuwadziwa."

Anatsamira pa mpando n'kuyang'ana kudenga. Kenako analankhula motsitsa mawu, ngati akundichitira chifundo.

"Mvelani. Mukalemba awili pa malo amodzi, ku Lusaka azaona kuti anchito apaka. Ine ananituma kuti achepe. Aka kabokosi sikanabwele kuti kadziwe anthu, madamu. Imwe na masitazi yanu simunaone?" Anandibwezera mapepala. "Koma mwalemba bwino. Pelekani ku sukulu, azakupatsani mamaki."

Ndinaperekadi. Ndinangosintha mutu. Mphunzitsi yemwe uja, amene anamwetulira pamene ankatitcha magositi, anandipatsa mamakisi apamwamba kuposa onse amene ndinapezapo, n'kulemba m'munsi kuti maganizo anga ndi atsopano ndipo makampani a kuno akuyenera kuwamva. Sanakumbukire n'komwe kuti anawamvapo kale pakamwa panga, opanda mayina a azungu kumapeto kwa chiganizo chilichonse.

Chakumapeto kwa Julayi kunabwera alendo ochokera ku likulu, mayi wina wa magalasi ndi bambo wonyamula kompyuta. Galimoto yawo itaima pa geti, mayiyo anaona nkhalamba pansi pa mango n'kufunsa mlonda ngati ndi ogulitsa malonda.

"Awe, madamu, awa ni eni zala," anatero mlonda, n'kufotokoza zonse mosangalala, mpaka kuonetsa mmene amatenthetsera chala m'khwapa. Ankaganiza kuti aseka nawo.

Sanaseke. Dzuwa lisanafike pamutu lamulo linali litatuluka: mwini chala ndiye akhale pa tenti, wina aliyense wopezeka m'shedi atengedwa ngati wakuba. Kapitawo analowa n'kuyamba kuloza. Ndinaona amayi aang'ono akutuluka ndi anzawo, lichero lili m'manja, fumbi la nsawa lili m'nsidze. Anakhala zaka zonse zija pa tenti imeneyo, koma kwa kampani anali asanagwirepo ntchito ngakhale tsiku limodzi. Anafunsa kapitawo ngati angasinthe dzina tsopano. Kapitawo analoza zenera langa. Ine ndinatuluka kukawauza zimene ankadziwa kale, kuti chitseko chinatsekeka.

Ambuya anadzuka pansi pa mango, n'kukutumula chitenje.

"Ndikhala ndekha. Ndinayamba kusankha nsawa abwana anuwo asanamele mano. Ndipatse lichelo."

Anakhaladi, pakhomo paja, mu mphepo. Tsopano amayi aang'ono ndiwo ankadikira pansi pa mango ndi njinga. Manja a ambuya anali asanaiwale: yofota ankaimva, yosweka ankaimva, ankaponya uku ndi uko osayang'ana. Koma chuku sichimveka m'manja, chimaoneka ndi maso, ndipo maso anali atapita. Oyandikana nawo ankatambasula dzanja mobisa kuwachotsera zakuda, mpaka masaka awo anayamba kutsalira ndipo kapitawo anawakalipira. Woyesa nsawa ankakhuthula saka ya ambuya pa tebulo, n'kutola zachuku pamaso pa anthu onse.

Machenjezo ankadutsa mu ofesi yanga. Kusukulu tinaphunzira kuti wantchito wofooka sumuthamangitsa, umayamba wakhala naye pansi, n'kugwirizana naye njira zoti akonze ntchito yake. Ndinakhala nawo pansi ambuya. Njira yokonzera inali maso atsopano. Ndinapempha abwana kuti awasamutsire kosoka masaka, kumene manja okha akwanira. Anati kumeneko kuli kale anthu okwanira, ndipo anandikumbutsa kuti pa nkhani ya wachibale sindiyenera kulankhulapo. Kulankhulapo sindinkayenera, koma kuwawerengera chenjezo lomaliza kunali kwa ine, chifukwa mu ofesi ya antchito munalibe wina.

Kampani inali itayambanso mwambo wina umene tinauphunzira chaka chomwecho, wocheza ndi munthu amene akuchoka ntchito kuti anene maganizo ake. Ambuya analowa mu ofesi yanga n'kukhala pa mpando wa alendo, mapazi osafika pansi. Anayang'ana fani, anayang'ana kompyuta.

"Ndiye muno ndimo umakhala? Mofunda chonchi?"

"Ambuya, pali mafunso amene ndiyenela kukufunsani."

"Funsa, mkazi mnzanga. Mwamuna wandilanda kale, chatsala n'chiyani?"

"N'chifukwa chiyani mukuchoka nchito?"

Anandiyang'ana ndi maso awo otuwa aja.

"Ukufunsa ine?"

"Ndi mmene analembela."

"Lemba kuti ndakhuta."

Ndinalemba kuti maso.

"Kodi mungauze mnzanu kuti adzagwile nchito pa kampani ino?"

"Anzanga ena ali pa mango apo, pita ukawafunse. Ena ali kumanda, kumeneko udzapita wekha."

"Pali chimene kampani ingakonze?"

"Khomo lija. Aikepo chitseko. Amene adzakhalepo adzazizidwa."

Atatuluka, panatsala ntchito imodzi. Chala cha munthu wochoka chimayenera kufafanizidwa m'kabokosi tsiku lomwelo. Kuti kabokosi katseguke kankafuna chala changa. Ndinadikira kuti amayi onse atuluke, ndinaika chala, ndinapeza nambala ya ambuya n'kuifafaniza. A Thenkyu anandithokoza.

Nkhalamba zina zinagwa chimodzimodzi, wina sabata ino, wina yamawa, mpaka pansi pa mango panatsala mlonda yekha ndi mpando wake. Anasiya nthabwala. Malo a pakhomo anapatsidwa mtsikana wina wa pa boma, wa setifiketi, amene analembetsa pa foni. Sindimuda, nayenso ali ndi kwawo. Anadandaula za mphepo tsiku loyamba lomwe ndipo anamusunthira mkati. Pamalo pathu paja tsopano amaunjikapo masaka opanda kanthu.

Amayi aang'ono anayamba kuyenda maganyu a fodya ku Chikomeni. Amakhala kumeneko masabata, kugona m'chisakasa cha mwini munda, ana awo n'kutsala ndi ambuya amene saona bwino ngakhale mwana akuseweretsa moto. Feteleza ndi mayunifomu zinagwera ine. Sindidandaula zimenezo, anandilera. Chimene chimandiwawa ndi chakuti ine ndi amene ndinali m'nyumba mwa eni malamulo, ndikudziwa mawu awo onse, ndipo mawuwo sanatsegule ngakhale zenera.

Digiri ndinaitenga. Pa mwambo wake ku Lusaka mlendo wolemekezeka analankhula nthawi yaitali kuti chuma chenicheni cha kampani iliyonse ndi anthu ake. Tinaomba m'manja. Bambo wa ku migodi uja anandikumbatira n'kundifunsa ngati magositi anga akadalipo. Ndinati anatha. Anati, "Mwaona, sisi? Sisitemu isebenza."

Ambuya sanapite, ulendo ndi wautali. Ndinawatengera chithunzi nditavala mkanjo ndi chipewa. Ndinawapeza pakhonde pomwe paja, mwala wa fodya uli pambali. Anachiyandikiza kumaso mpaka chinakhudza mphuno.

"Wavala ngati wansembe. Ndiye manje wamaliza?"

"Ndamaliza, ambuya."

"Unati umaphunzila chiyani kodi?"

"Kusamala anthu pa nchito."

"Ehe. Wasamala angati?"

Mwina akanapanda kufunsa choncho ndikanakhala chete monga mwa masiku onse. Koma zinandikwera.

"Ambuya, mukanalola tsiku lija, malo akanakhalapo. Amai aang'ono akanakhala m'shedi lelo, akugona pakhomo pano ndi ana ao. Ndinakuuzani. Ndinagwada apa ndinakuuzani."

Sanandikalipire. Anabweza chithunzi, n'kutembenuzira nkhope ku njira yochokera ku msewu. Kunkamveka kulira kwa tcheni chouma. Linali Loweruka lobwera amayi aang'ono, ndipo anali akutsika njirayo akukankha njinga yophwa tayala, ataonda, manja akuda bii ndi utomoni wa fodya.

"Akubwela apoyo ndani?" anafunsa ambuya.

"Amai aang'ono."

"Akuyenda yekha?"

"Akuyenda okha."

"Ndi miyendo yake?"

"Eya."

"Basi," anatero ambuya.

Anatapa fodya ndi chala chaulesi chija n'kukoka. Ine ndinabweza chithunzi m'chikwama, ndinanyamuka kukalandira njinga.